Mwana wotakataka akukana kukhala pansi pa phala la m'mawa, mumatani anzanga?

Make_Rashidi
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi dandaulo, amayi anzanga ndithandizeni nzeru, abambo ngati mulipo musangowerenga chamumtima. Mwana wanga ali ndi miyezi 10. Chiyambireni kukwawa sakhalanso pansi, pano wayamba kuimirira chogwirira mipando ndi kukoka chilichonse chili patebulo. Vuto lili pa phala la m'mawa. Amalandira masupuni awiri kapena atatu, kenako wandilanda supuni, wapukusa mutu, watsetsereka pamiyendo, uyo akulondola nkhuku pakhonde. Ndikamubweza amadzikunga thupi lonse n'kuyamba kulira. Ine ndimagulitsa mu shopu pa boma, ikamakwana 7 koloko ndimayenera kukhala nditakwera kale kabaza, ndiye ndimachoka phala lili m'mbale, lina lili pachitenje changa. Sakudwala, kusikelo akuti akukwera bwino, ndipo mng'ono wanga amene amatsala naye akuti masana nsima ndi msuzi amadya. Apongozi anga akuti ndikumulekerera, ndizimupana pakati pa miyendo n'kumumwetsa ndi dzanja. Mtima wanga ukukana. Inu a ana otakataka mumatani m'mawa?

Dalo_wa_pa_Koche
Kkkkk mukunena mwana wanga ameneyo. Ndayala mphasa, ndikudikira mayankho.

AngangaAkuMalindi
Apongozi anuwo sakunama mwanangu. Ife ana athu onse tinalera choncho, kumugoneka pamiyendo, dzanja pakamwa, phala n'kumatsanulira pang'onopang'ono. Lero ndi akuluakulu, ali ndi mabanja awo. Mwana safunsidwa kuti kodi mudya. Adziwa chiyani iyeyo? Alira pang'ono alekanso, koma m'mimba muli kanthu.

Nesi_Wopuma_MH
Anganga, ndi ulemu wonse, apa pokha ndikutsutsani. Mwana akamalira njira ya mpweya imakhala yotseguka. Mukamatsanulira phala ali chagada, kulira kuli m'kati, lina limalowera kumapapo m'malo mwa kumimba. Ena amatsamwa pomwepo, ena amabwera nacho chibayo patapita masiku, makolo osadziwa kuti chachokera pati. Amene anakula bwinowo tikuthokoza Mulungu, koma ife a m'mawodi tinkaona amene sanachite mwayi. Kutsina mphuno kuti atsegule pakamwa ndiye musayerekeze n'komwe.

Make Rashidi, ndisanapitirire ndikufunseni zitatu. Phalalo ndi la ufa wanji? Mukapendeketsa supuni limayenderera kapena limakakamira? Ndipo amayamwa nthawi yanji asanadye?

Make_Rashidi
Zikomo amayi. Ndi la ufa woyera, ndimathira shuga basi, tsiku lina majarini akapezeka. Limakhala lamadzimadzi ndithu poti ndi lomwe limatsika msanga. Amayamwa akangodzuka cha m'ma 5, amayamwanso ndikamaliza kusamba, kenako phala.

BamboWaMapasa
Ndiye mwanayo wakhuta bere mayi. Inuyo atakupatsani thobwa makapu awiri kenako akuti idyani nsima mungadye?

Nesi_Wopuma_MH
Bambo a mapasa alasa. Koma musamve ngati tikuti achepetse kuyamwa, ayi, bere lipitirire mpaka zaka 2 kapena kuposera. Mungosintha ndondomeko. Ayamwe akadzuka, muzimusiya akwawe, athamangitse nkhuku zakezo, njala ibwere, phala lilowe, bere lotsanzikira libwere pambuyo mukamanyamuka.

Tsopano za phalalo. Kamimba ka mwana wa msinkhu umenewu n'kakang'ono. Wa miyezi 9 mpaka 11 amafunika theka la kapu ya mamililita 250 pa chakudya chimodzi, katatu kapena kanayi pa tsiku, kuwonjezera pa bere. Theka la kapu basi, osati bakuli lija timadzazitsa n'kumadandaula kuti sanamalize. Ndiye ngati thekalo ndi madzi ndi ufa woyera, mwana wotakataka chonchi sapezamo mphamvu yokwanira. Phala likhale lolimbirako, loti mukapendeketsa supuni lizichita kugwa mochedwa. Mugwiritse mgaiwa, muthiremo supuni ya nsinjiro, tsiku lina kasupuni ka mafuta ophikira, tsiku lina dzira muswere momwemo lipsere limodzi, tsiku lina ufa wa usipa. Mukatero masupuni asanu amene walandirawo aposa bakuli lonse la phala lamadzi. Kusikelo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Sikuti onse alowe m'phala la m'mawa, koma tsiku likamatha akhale atalawako ambiri mwa iwo.

Nachisale_Namwera
Phala lolimba wanga amalilavula, amachita ngati akufuna kusanza. Ndiye pamenepo?

AbitiSaidi
Achemwali yesani chimera. Phala likapsa muliphule, lizizireko pang'ono, muwazemo kasupuni ka ufa wa chimera chomwe timapangira thobwa chija, mutakase. Muona lokha likufewa osathira madzi. Mukatero mulibwezere pamoto liwirenso pang'ono. Limatsekemera lokha moti shuga safunikanso wambiri. Amayi anga ku Katuli ankatero, ndipo alangizi a zaumoyo anandiuza kuti ndi njira yabwino.

Nachisale_Namwera
Chimera cha mapira kapena cha chimanga?

AbitiSaidi
Chilichonse chomwe muli nacho, bola chouma bwino chopanda nkhungu.

BamboWaMapasa
Ine ndiyankhe za kuthawathawako poti kwathu ndi awiri, akazi anga akagwira wina ine ndagwira wina. Choyamba, supuni zikhale ziwiri. Ina mumupatse agwire yekha, azimenya nayo mbale, aziviika, azidzipaka kumaso, zilibe kanthu. Pamene iye watanganidwa ndi yakeyo inu mukulowetsa yanu. Mwana wa msinkhu umenewu chimene akulimbirana si phala, akufuna achite yekha. Chachiwiri, ife timawakhazika m'beseni lalikulu lochapira, pansi tayala chitenje, tavula malaya. Satha kutulukamo msanga, ndipo zotayikira zonse zimatsala momwemo. Akamaliza mumangochotsa chitenje n'kuthira madzi, kusamba komweko. Chachitatu, nkhuku ndi mphaka zitsekereni kaye kuseri. Simungapikisane ndi nkhuku mayi, muluza.

Dalo_wa_pa_Koche
Kkkkk bambo inu mukhale tcheya wa gulu lino. Amuna ena nthawi imeneyo ali m'tulo, ena ali pa bawo kale.

Che_Kabaza_07
Musatinyoze tonse. Ena timadzuka 4 koloko kukasaka ya nsinjiro yomweyo.

Dalo_wa_pa_Koche
Inu ndiye sitikukunenani achimwene, pitani mukanyamule Make Rashidi asachedwe kuntchito.

Mlongo_Fatu
Ine sindivutika. Ndimamuikira makatuni pa foni, maso ali pamenepo pakamwa pali yasa, mbale yatha. Bandulo ndiyo imandipweteka.

Mphunzitsi_wa_Mkaka
Asisi njira imeneyo imagwira lero, mawa imakugwirani inuyo. Ife kusukulu ya mkaka timalandira ana a zaka zitatu oti phala sadya pokhapokha aone foni, ndipo sadziwa kuti akhuta liti chifukwa anazolowera kumeza maso ali kwina. Tsiku loti magetsi azima foni yathima mudzatani? Bola kumuimbira nyimbo, kumuyankhula, kudya naye limodzi. Mwana akaona mayi ake kapena mkulu wake akudya m'mbale yofanana amasirira.

Mlongo_Fatu
Kuyankhula n'kosavuta. Ndili ndi ana atatu okonzekera kusukulu, madzi okatunga, mandasi okazinga. Nyimbo ndiimba nthawi yanji? Aliyense amalera momwe angathere.

Mphunzitsi_wa_Mkaka
Sindikukuweruzani asisi. Koma ana atatu aja ndiwo makatuni anu. Akhale nawo pamphasa pamene akumwa phala lawo.

UsipaWaMakawa
Anesi atchula ufa wa usipa, ndiye mundilole poti iyi ndi ntchito yanga. Musangotola aliyense pamsika. Funani usipa woyanikidwa pathandala, osati wa pamchenga, chifukwa mchengawo ngakhale musefe bwanji umatsala. Ununkhizeni, ukamamveka fungo la mafuta owola usiyeni. Wofutsa amauwiritsa ndi mchere, ndiye mukagwiritsa umenewo musathirenso mchere m'phala. Kunyumba muukazinge pang'ono pachiwaya chopanda mafuta, moto wochepa, mpaka uzithyoka. Ukazizira sinjani mumtondo woyera, sefani ndi sefa ya ufa, zotsalira sinjaninso. Ikani m'botolo louma lotseka bwino. Musapange wambiri, wa sabata imodzi basi, kutentha kwa kuno simukusowa kuuzidwa, usipa uli ndi mafuta umasasa msanga. Supuni imodzi m'phala likamawira, lipse nawo. Matemba ang'onoang'ono amachitanso chimodzimodzi. Utaka ine sindiulimbikitsa pa mwana, minga yake ndi yolimba.

Nachisale_Namwera
Mitu mumachotsa? Ine ndimaona ngati imawawitsa.

UsipaWaMakawa
Chowawa si mutu, ndi matumbo. Ngati usipa ndi waukulu tsinani kumimbako. Wocheperako ingosinjani wonse.

Nesi_Wopuma_MH
Mitu ndi minga musataye, ubwino wa nsomba zing'onozing'ono uli pakuti timadya yonse. Mingayo ikasinjika imalimbitsa mafupa ndi mano. Chambo timadya mnofu wokha, ndiye pa nkhani ya mwana usipa ukuposa chambo.

Mjomba_Malombe
Chambo chake chiti anesi? Ife ku Malombe tinachiona kalekale, pano ndi kambuzi basi. Ndipo chimandipweteka n'choti nsomba zimachoka pamadoko athu usiku pamalole kupita ku Limbe ndi ku Lilongwe, mwana wa msodzi m'mawa akumwa tiyi wopanda mkaka ndi chitumbuwa. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 m'dziko muno ndi opinimbira. Ife a kunyanja tinayenera kukhala kunja kwa chiwerengero chimenecho, koma pitani kusikelo mukaone.

UsipaWaMakawa
Amjomba musatide ife ogulitsa. Mwera ukawomba asodzi salowa, kamulu kamakwera mtengo, ife tigule modula tigulitse motchipa? Nanga nthawi yotseka nyanja tidye chiyani ngati sitinasunge ndalama?

Mjomba_Malombe
Sindikunena inu. Ndikunena abambo amene amagulitsa zonse osasiyako ngakhale kambale ka ana, ndalama n'kukathera kumalo achisangalalo pa doko pomwepo.

Che_Kabaza_07
Apa ndiye mwayamba ina. Ndi makoka a maukonde a udzudzu omwe atha nsomba, aliyense akudziwa.

Admin_Mpondasi
Abale, za makoka tsegulani mutu wake. Pano tikuthandiza Make Rashidi ndi phala.

Mai_Tadala
Kubwerera ku phala. Wanga ali ndi chaka ndi miyezi iwiri, phala analikaniratu. M'mawa amafuna tiyi ndi buledi woviika ngati bambo ake. Ndimangomupatsa, bola wadya.

Nesi_Wopuma_MH
Tiyi kwa mwana ayi mayi. Masamba a tiyi amatchinga thupi kuti lisatenge bwino ayironi wa m'zakudya, ndipo kuno ana athu magazi amawachepera kale ndi malungo ndi njoka za m'mimba. Kuwonjezera apo amadzaza mimba ndi madzi a shuga. Ngati akufuna kufanana ndi bambo ake, mumuthirire mkaka wowiritsa m'kapu, poti wakwanitsa chaka, buledi mupake chiponde chosinja nokha mopyapyala. Komanso kadzutsa sikuti ndi phala lokha. Mbatata yofiira m'kati yophika, dzungu, nthochi yakupsa, papaya, dzira lowiritsa lodula tizidutswa. Mango akayamba mu Novembala musefereni kapena mudule timizere tofewa topanda ulusi. Ana otakataka ambiri amadya bwino chinthu chogwira m'manja kusiyana ndi cha pasupuni. Chachikulu akhale pansi ndipo wamkulu ali pomwepo, asamadye akuyenda. Mtedza wosasinja, chimanga chokazinga ndi maswiti olimba musamupatse, zimatsamwitsa.

AngangaAkuMalindi
Mazira kwa mwana wosayankhula? Kwathu timati amachedwa kuyankhula, ndipo akazolowera amadzayamba kuba mazira m'khola. Zinazi anesi mukutisokoneza.

BamboWaMapasa
Anganga, anga amadya mazira chiyambire miyezi 6, pano akulongolola moti tikusowa pobisala. Lija linali lamulo loteteza nkhuku kuti ziziswa, tivomereze.

AngangaAkuMalindi
Iwe mwana iwe kkkk. Chabwino, za mazira ndakusiyirani. Koma zoti mwana azisewera ndi chakudya m'beseni ine sindingaonerere. Ufa ukudula, wina akupaka kumutu? Chakudya chimalemekezedwa.

AbitiSaidi
Apa anganga ali ndi mfundo. Ine ndimamuikira supuni imodzi yokha m'kambale kake koseweretsa, lenilenilo ndimagwira ine. Likatayika ndi lochepa.

Dalo_wa_pa_Koche
Nanga uchi? Anzanga ena akuti ukathira uchi m'malo mwa shuga mwana amamaliza mbale.

Nesi_Wopuma_MH
Asanakwanitse chaka uchi ayi, ngakhale kadontho. Umatha kukhala ndi tizilombo timene matumbo a khanda sangalimbane nato, mwana amafooka thupi lonse mpaka kulephera kuyamwa ndi kupuma. Shuga naye achepe. Ndikudziwa wina anena kuti shuga wathu amathiramo vitamini A, n'zoona, koma mafuta ophikira amathiramonso, ndipo mbatata yofiira, dzungu ndi mango zili naye wachilengedwe. Mukazoloweza lilime kutsekemera, phala la usipa adzalikana. Kanyani nthochi m'phalamo ngati mukufuna litsekemere.

Nachisale_Namwera
Ine kuno ku Namwera soya timalima, ndiye ndimapanga ufa wanga wosakaniza ngati Likuni Phala. Soya ndimakazinga kaye mpaka fungo lauwisi lichoke, ndimapuntha makoko achoke, ndiye magawo anayi a chimanga gawo limodzi la soya, kuchigayo. Mtedza sindigayitsira limodzi, umapangitsa ufa kuwawa ukakhalitsa. Ndimasinja padera tsiku ndi tsiku. Ndipo mtedzawo muzisankha amayi, wonyala, wobooka ndi wachuku tayani, musamati poti tisinja sizioneka. Chuku chimawononga chiwindi ndipo sichifa ndi moto. Nsinjiro zogula zosinjasinja m'timapepala ine ndimaziopa, sudziwa anasinja mtedza wotani.

Make_Rashidi
Ndikuwerenga zonse, Mulungu akudalitseni. Funso lina. Ngati wadya pang'ono ine n'kunyamuka, lotsalalo mng'ono wanga angamupatse cha m'ma 10? Makala akudula, kuyatsa mbaula kawiri m'mawa umodzi n'kovuta.

AbitiSaidi
Ine mwezi wa Ramadani ndimaphika phala la mwana nthawi ya daku, chakudya chathu cha m'bandakucha, moto ukadalipo, n'kuthira mu fulasiki ya chakudya likadali lotentha kwambiri. Akadzuka limakhala lili bwino. Koma ndimathira m'kambale pang'ono pokha, lomwe walawa kale sindibwezeramo. Futali wa mbatata wotsala madzulo ndiye ndimatenthetsanso mpaka atuluke nthunzi ndisanamupatse.

Nesi_Wopuma_MH
Abiti ayankha bwino. Phala lomwe lalowa supuni ya malovu n'kukhala pambale maola oposa awiri, ndi dzuwa la Mangochi lino, limenelo ndi kutsegula m'mimba. Gawani pawiri musanayambe kumudyetsa, linalo mu fulasiki kapena mumphika wovundikira, ndipo ngati lazizira liwirenso. Mng'ono wanuyo asambe m'manja ndi sopo, asambitsenso mwanayo, paja manja omwewo akwawa nawo pomwe payenda nkhuku. Kolera wa 2022 ndi 2023 sitinamuiwale kuno.

Ndipo Make Rashidi, musadzipanikize kuti zonse zithe 7 koloko isanakwane. Ana ena m'mawa kwambiri sakhala ndi chilakolako, ngati akuluakulu ena. Akalandira masupuni angapo ndi inu, n'kudzadya bwino cha m'ma 9 ndi azakhali akewo, palibe chalakwika. Mukayesa kwa mphindi 15 kapena 20 iye n'kumatembenuza mutu, kutseka pakamwa, kukankha supuni, wakhuta kapena sakufuna, musiyeni mwamtendere. Woweruza ndi buku la kusikelo. Mzere ukamakwera gonani tulo. Muthamangire kuchipatala ngati sikelo yaima kapena yatsika, ngati wasiya kusewera, akukana ngakhale bere, watentha thupi, akutsegula m'mimba, m'kamwa muli zilonda, zikhatho zayera kapena mapazi atupa. Mwana wothamangitsa nkhuku sandiopsa ine. Amandiopsa ndi wongokhala phee.

Mai_Tadala
Mng'ono wake wa mayi ndi azakhali? Kwathu amenewo ndi amayi aang'ono kkkk.

Nesi_Wopuma_MH
Amayi aang'ono, zoona. Ukalamba uwu.

Make_Rashidi
Beseni lilipo, usipa ndigula Loweruka. Chatsala ndi apongozi. Amabwera m'mawa uliwonse poti tili mpanda umodzi, ndipo akaona mwana akulira ndi supuni amangomutenga n'kuyamba njira yawo ija. Bambo ake akuti iwo za phala salowerera. Ndiwauze bwanji osaoneka wamwano?

Dalo_wa_pa_Koche
Auzeni mosapsatira. Mwana ndi wanu.

AngangaAkuMalindi
Ayi Dalo, ukatero wayatsa moto pabanja la mwini. Mpongozi sauzidwa ndi mtengwa kuti mukulakwitsa. Make Rashidi, tsiku la sikelo muwapemphe akuperekezeni, munene kuti mwana walemera simungathe nokha ndi chikwama. Kumeneko mufunse funsolo kwa alangizi iwo ali pomwepo, ngati simukudziwa yankho. Akamva kwa a yunifolomu adzabwera okha kudzakuphunzitsani inuyo. Ndipo muwapatse ntchito, muwapemphe kuti ufa wa usipawo azisinja ndi iwo poti dzanja lawo ndi lozolowera mtondo. Ife akuluakulu chimatipweteka ndi kuikidwa pambali.

BamboWaMapasa
Anganga mwabweza chigoli. Koma bambo a Rashidi asathawe, amayi ndi awo, pakamwa pawo mpopepuka kunena kuposa pa mkazi wawo. Make Rashidi aonetseni uthenga wangawu.

Che_Kabaza_07
Mukufuna munthu akagone pakhonde inu.

UsipaWaMakawa
Make Rashidi Loweruka ndimakhala pamsika wa pa boma kuyambira m'mawa, wa pathandala ndili nawo, ndilembereni kumbali ndikusungireni.

Admin_Mpondasi
Malonda ndi Lachisanu lokha pagulu pano mayi, lamulo mukulidziwa.

UsipaWaMakawa
Ndiye ndibweranso Lachisanu. Nachisale, soya wanuyo mukugulitsa bwanji chigoba?